Mkono Wosafika Pakhutu

Nditamaliza kosi ya uphunzitsi, boma linanditumiza ku sukulu ina yaing'ono ya pulayimale kutsidya kwa nyanja, m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, ndipo nyanja ndinkangoiona pa mapu. Lole inanditsitsa pamphambano ndi matiresi, ndowa ziwiri ndi chikwama cha zovala, n'kupitirira ndi fumbi lake. Mumtima ndinkati ndipirire zaka ziwiri kenako ndipemphe transifa. Imvi zandipeza ndili komweko.

Makalasi analipo asanu ndi atatu monga pa sukulu ina iliyonse, koma zipinda zinali zinayi zokha, ndipo zinkapita kwa ana akuluakulu. Ine, poti ndinali wamkazi komanso watsopano, anandipatsa Sitandade 1. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi titalitsamiritsa pa thunthu. Mwera ukauka unkaligwetsa. Mvula ikabwera tinkaweruka.

Mu ofesi ya a hedi munali chipepala chachikulu pakhoma, cholembapo chiwerengero cha anyamata ndi atsikana a m'kalasi iliyonse. Aliyense wolowamo ankaona yekha kuti sukulu yathu inali ngati chulu, yotakata pansi, yosongoka pamwamba. Ku Sitandade 1 ana ankakhala mothinana moti ukafuna kufika kumbuyo unkachita kulumpha miyendo. Pofika Sitandade 4 ambiri anali atasowa. Ku Sitandade 8 onse ankakwana pa mabenchi ochepa, ndipo atsikana unkawawerenga ndi dzanja limodzi, zala n'kutsalako. Atsikana ochepawo kawirikawiri anali ana athu aphunzitsi, kapena a azaumoyo, kapena a asilikali, anthu obwera ndi ntchito ngati ine, opemphera Lamulungu. Ana a eni mudzi, omwe pafupifupi onse anali Asilamu olankhula Chiyao pakhomo, ndi amene ankadzaza m'makalasi a m'munsi.

Kumene ankapita kunkadziwika. Anyamata inkawatenga nyanja. Mwana ankayamba ndi kuthandiza kukankha bwato, kenako kukapa madzi m'boti, kenako unkangomva kuti akukoka nawo khoka la chilimira la uje, ndipo akapeza ya ulendo, wapita ku Joni. Atsikana ankachoka mwakachetechete. Mtsikana akangotha msinkhu, pankapita miyezi yochepa, kenako pamalo pake pankakhala mnzake, ndipo ukafunsa, ana ankangoseka n'kuyang'ana pansi.

Panalinso ana ongodutsa. Usipa ukachuluka kunkabwera asodzi ochokera kumpoto ndi mabanja awo, kumanga zisakasa pagombe, ana awo n'kutilowera m'kalasi akulankhula Chitonga. Nsomba zikasuntha nawonso ankasuntha, osatsanzika. Ena ankachokera mbali ya ku Mozambiki kudzakhala kwa achibale, n'kubwerera nthawi yolima. Lachisanu dzuwa likamayandikira paliwombo sukulu inkaphwa yokha, anyamata akuthamangira kukasamba kuti akafike ku mzikiti. Masana, ana omwewo amene kwa ine ankavutika ndi a, e, i, o, u, unkawamva ku madrasa akuloweza Chiarabu mosaphonya.

Akuluakulu a kuboma akabwera, akatsika pa galimoto n'kuyang'ana chipepala chija, ankakonda kunena kuti anthu a kunyanja safuna sukulu. Mawu amenewo ankandinyansa, ndipo mpaka pano amandinyansa. Akanabwera sabata yoyamba ya chaka cha sukulu, nthawi yolemba ana atsopano, akanapeza bwalo litadzaza amayi kuyambira mbandakucha, aliyense atagwira mwana padzanja, wina ali kumsana. Ntchito yathu sabata imeneyo sinali yosaka ana. Inali yobweza ena.

Lamulo linkati mwana ayambe sukulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Koma zakazo ankazidziwa ndani? Ambiri anabadwira pakhomo. Makadi a kusikelo ena anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa madzi atalowa m'nyumba. Ukafunsa mayi kuti mwanayu anabadwa liti, ankayankha kuti m'mwezi wa Ramadani, osanena kuti wa chaka chiti. Tsono phala litayamba kuphikidwa pasukulu, anthu ankabweretsa ngakhale tiana tongosiya kumene bere, kuti manja amasuke akayanike nsomba. Kamwana kotero kankalira mmawa wonse, kudziyipitsira, kenako kugona pamchenga, ndipo wotonthoza ndi wopukuta ndinali ine.

Choncho tinkagwiritsa ntchito njira yomwe ifenso anatiyesera tili ana. Mwana ankaimirira mowongoka, n'kudutsitsa mkono wamanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu lakumanzere. Zala zikafika, walowa. Zikapanda kufika, abwere chaka chamawa. Aliyense ankaidziwa njira imeneyi, ndipo aliyense ankadziwanso kubera kwake. Ena ankapendeketsa mutu kuti khutu likwere, ena ankadutsitsa mkono kunkhongo m'malo mwa paliwombo, ndipo amayi ena ankaima kumbuyo n'kukankha chigongono cha mwana ngati akumukonza kolala.

A hedi a nthawi imeneyo anali bambo a ku Mulanje, aatali, ovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sanali munthu wankhanza. Ana amasiye ankawapatsa makope mwakachetechete, ndipo sindinawaonepo akukwapula mwana. Koma pa nkhani ya khutu analibe m'bale. Ankatulutsa tebulo panja, ine ndikukhala pambali ndi buku lolembamo mayina, ndipo mwana aliyense ankamugwira chibwano ndi zala ziwiri kuti mutu usapendeke. Akati wafika, ndinkalemba. Akapukusa mutu, ndinkaitana wotsatira.

M'chaka changa chachiwiri pamzere paja panafika mayi wina wowonda, wovala mpango wobiriwira, atagwira kamtsikana. Mwanayo anali wamfupi kwambiri, thupi lochepa, mutu wooneka waukulu kuposa mapewa ake. Koma sankachita mantha ngati tiana tinzake. Ankayang'ana a hedi m'maso, ndipo atatsegula pakamwa ndinaona kuti mano akutsogolo anaguluka kale, atsopano atamera. Anakweza mkono. Zala zinathera pamwamba pa khutu, patali ndithu.

A hedi anapukusa mutu.

"Mwanayu ndi wamkulu, a hedi," anatero mayiwo, m'Chichewa chokokera ku Chiyao. "Anabadwa mwezi umodzi ndi mwana wa a shehe, amene ali Sitandade 2 uja. Tinkakumana kusikelo."

"Khadi lili kuti, mayi?"

"Linapita ndi madzi."

"Aliyense pamzerepa khadi lake linapita ndi madzi. Abwere chaka chamawa."

Mayiwo sanachoke msanga. Anakonza nsalu m'chiuno, n'kulankhula osakweza mawu. "Mwana wamkazi kuno sukulu yake ndi yaifupi, a hedi. Akangokula, amuna ali pakhomo, ndipo wowayankha si ine, ndi amjomba ake, alongo angawo. Chaka chimene mukundidyera kunoku, kutsogoloko sindikachipeza."

A hedi anati amva, koma khutu ndi khutu. Ine ndinaitana wotsatira. Mawu a mayiwo ndinawasunga.

Pambuyo pake ndinawadziwa bwino, chifukwa ndiwo zanga zambiri ndinkagula kwa iwo. Ankafutsa usipa n'kuuyanika pa mathandala, timatebulo tatitali ta bango tomwe timandandalika m'mbali mwa gombe. Amuna awo anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo sankatumiza ngakhale uthenga. Iwowo sanapondepo m'kalasi. Mtsikanayo ankawathandiza kuingitsa akhwangwala ndi mbuzi, ndi kutembenuza nsomba atakwera pa chidebe poti pa thandala sankafikira.

Mmawa wina Loweruka ndinapita kunyumba kwawo ndi mbale yanga, n'kupeza mwanayo akulendewera pa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba, miyendo ili m'malere, nkhope itafiira. Amayi ake ankasesa pansi pake ngati palibe chachilendo.

"Kodi walakwa chiyani?" ndinafunsa.

"Sanalakwe, a madamu. Tikukoka mikono."

Anandifotokozera kuti amayi anzawo a pagombe ndi amene anawalangiza. Mmawa uliwonse akamaliza kuswali, ankamunyamula mwanayo kuti agwire nthambi, n'kumusiya pamenepo mpaka zala zitatopa. Akagwa, ankapuma pang'ono n'kukweranso. Mwanayonso anali atapeza nzeru yakeyake. Akakhala pansi, ankakoka nsonga ya khutu lakumanzere cham'mwamba, kuti khutulo likakumane ndi zala panjira.

Ndinawauza zimene ndinkadziwa, kuti mkono sutalika ndi kulendewera, kuti mwanayo anapinimbira ali wakhanda, mwina ndi matenda, mwina ndi njala, ndipo chofunika ndi chakudya. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Chakudya ndi chomwe mukuchionachi, a madamu," anatero akuloza nsomba. "Nanga mtengowu ukulipiritsa?"

Ndinagula usipa wanga n'kubwerera, mwanayo akadali pa nthambi.

Chaka chotsatira anabweranso, ndipo anali pafupi ndi kutsogolo kwa mzere, kusonyeza kuti anafika kusanache. Atafika pa tebulo, mayiwo anamasula kampango kumutu kwa mwana. Anali atamumeta mpala, n'kumudzoza mafuta mpaka mutu kunyezimira. Amayi a pamzere anaseka. Anali ataganiza kuti tsitsi nalonso limatalikitsa njira, ndipo mafuta athandiza mkono kutsetsereka.

Mwanayo anaimirira, anakoka mpweya, n'kuponya mkono. Chala chapakati chinafika pafupi penipeni, pongotsala mpata wa chikhadabo. Anapendeketsa mutu pang'ono, chala n'kukhudza. A hedi anamugwira chibwano, kuwongola mutu, mpata uja n'kubwerera. Mwanayo anadzikoka mpaka kuimira zala za kumapazi, ngati kutero kungathandize. Kuseka kuja kunali kutatha.

Apa ndinalankhula. "A hedi, mwanayu ndikumudziwa, ndi wamkulu. Taonani mano akewa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Madamu, si inu munali mu ofesi dzulo, kudandaula kuti pansi pa mtengo paja simukukwananso? Mmawa womwe uno ndabweza mdzukulu wa a tcheyamani a komiti, iwo ali chiimire pomwepa. Ndikalemba uyu, ndikawauze kuti chiyani? Khutu ndiye chinthu chokhacho chimene anthu onsewa amachivomereza. Ndikayamba kuyang'ana mano, mawa adzandibweretsera ana owazula mano."

Zoti ndinadandaula zinali zoona. Zoti anthu akanazula ana mano, sindikudziwa, koma nditaona mwana pa nthambi sindikanalumbira kuti sizingachitike. Ndinakwiya sabata yathunthu, moni ndikupereka wa pakamwa pokha, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo sanazindikire n'komwe.

Mayiwo sanakangane ulendo umenewu. Anamanga mwana kampango kaja, anati, "Sikomo," n'kumapita. Mwanayo sanalire. Anatembenuka kamodzi kuyang'ana anzake amene ankapita ku mzere wa phala ndi makapu awo.

Chaka chimenecho chisanathe, a hedi aja anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo. M'malo mwawo munabwera bambo wachinyamata wa njinga yamoto, amene pa msonkhano woyamba anatiuza kuti zogwira khutu ndi zachikale. Anati mwana aliyense wooneka kuti wafika msinkhu alembedwe, chifukwa mabuku ndi aphunzitsi zimabwera potsatira chiwerengero. Tsiku lolemba ana iwo sanatuluke n'komwe. Tebulo anandisiyira ndekha.

Nditaona mpango wobiriwira uja pamzere, ndinalemba dzina la mwanayo asanafike n'komwe, poti ndinkalidziwa. Nditadzutsa mutu ndinamupeza ataima patsogolo panga, wowongoka, mkono uli pamwamba pa mutu, zala zitaphimba khutu lonse. Kaya unali mtengo, kaya kukula chabe, koma anali atafika, mopitirira.

"Tsitsa mkono, ndakulemba kale," ndinatero.

Sanatsitse. Analankhula kanthu m'Chiyao, maso ali kutsogolo.

"Akuti a hedi sanaone," anamasulira amayi ake.

Ndinayesa kufotokoza kuti a hedi aja anapita, ndipo atsopanowa safuna za khutu. Mwanayo anangotembenuka n'kuyamba ulendo wa ku ofesi, mkono uli pomwepo, ife tikumutsatira. Anakaima pakhomo. A hedi atsopano anali kusanja mapepala. Anadzutsa mutu, kuyang'ana kamwana kogwira khutu, n'kunena kuti, "Khutu likumupweteka? Pitani nayeni kuchipatala, mayi, kuno tilibe mankhwala."

Mayiwo anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Mwanayo sanaseke. Anangoima, mkono uli pomwepo. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinawerama, n'kumugwira chibwano ndi zala ziwiri monga ankachitira a hedi akale, kuwongola mutu womwe unali wowongoka kale, kuyang'anitsitsa khutu, n'kunena kuti, "Wafika." Apo m'pamene anatsitsa mkono.

Mwa kuwerenga kwa amayi ake, anayamba Sitandade 1 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pa msinkhu sankasiyana ndi anzake, koma m'mutu anali wamkulu. Chichewa anachitola msanga, ndipo teremu yachiwiri isanathe anali akuwerenga mawu a pa matumba a shuga ndi pa mabwato. Tiana tikalira ankatitonthoza ndiye, tikamenyana ankatileretsa ndiye, mpaka anzake anayamba kumutcha anganga, kunena agogo. Sanabwerezepo kalasi. Sitandade 2, Sitandade 3, amangokwera, osajomba ngakhale usipa utafa chotani, poti amayi ake ankamuthamangitsa pa thandala belu likalira.

Ali Sitandade 4 anatha msinkhu. Thupi lomwe linachedwa pa zonse, apa silinachedwe. Mnyamata wina anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi, mabulangete ndi njinga, n'kukaonana ndi amjomba a mtsikanayo. Teremu yachitatu itayamba, pamalo pake panali mnzake. Gulu la amayi loona za atsikana pasukulu linapita kukafunsa, ine ndili nawo. Amjombawo anatiyalira mkeka bwinobwino, n'kutiuza kuti mwana anapita kukacheza kwa achibale ku Mozambiki, ndipo sakudziwa tsiku lobwera. Nkhani inathera pamenepo, monga zinkathera zambiri.

Amayi ake ndinawapeza pagombe patapita masabata angapo. Sanandidandaulire, sanatchule a hedi akale. Anandiyezera usipa, n'kuwonjezera dzanja limodzi la basela monga mwa masiku onse. Ndikunyamuka anati, "Zaka zinayi zokha, a madamu. Zikanakhala zisanu ndi chimodzi." Kenako anapitiriza kutembenuza nsomba.

Zaka zinapita. Sitandade 1 inapeza chipinda chake, chomwe chinadzaza tsiku lomwelo. A hedi anasinthana, ine n'kukhala wachiwiri wawo, ndipo ntchito yolemba ana inakhala yanga chaka ndi chaka. Ana ambiri anayamba kubadwira kuchipatala, choncho lamulo linabwerera pa khadi: zaka zikwane zisanu ndi chimodzi, zolembedwa. Chipepala cha mu ofesi tinkachisintha chaka chilichonse, manambala akukwera, koma maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Atsikana a eni mudzi ofika Sitandade 8 anayamba kupezekako, awiri, atatu, ndipo aliyense wa iwo mudzi wonse unkamudziwa.

Tsiku lina lolemba ana, pa tebulo panafika mayi wamng'ono, wamfupi, khanda lili kumsana, kamtsikana kali padzanja.

"Madamu, mwandikumbukira?"

Ndinayang'ana maso aja. "Wa khutu uja."

Anaseka. Anandiuza mwachidule kuti banja linatha, mwamuna anakwatira wina, ndipo iye anabwerera kwa amayi ake, omwe tsopano miyendo inkawavuta. Mathandala aja anali m'manja mwake. Ndinayamba kumulankhula kuti iwe, monga kale, kenako ndinakumbukira kuti mwana wake akumva, n'kusintha.

Anatulutsa khadi la kusikelo m'thumba la pulasitiki, lokulunga kawiri, lomanga ndi kachingwe. Linali loyera ngati analandira dzulo. Ndinayang'ana tsiku lobadwa n'kuwerenga.

"Mwanayu sanakwane, mayi. Ali ndi zaka zinayi."

"Ndikudziwa, madamu. Kuwerenga munandiphunzitsa ndinu."

Asanamalize n'komwe, anavula mwanayo kachipewa. Mutu unali wometa mpala, wodzoza mafuta. Anamugwira mkono n'kuudutsitsa pamwamba. Tizala tinathera paliwombo penipeni. Anakoka pang'ono, mwana n'kuyamba kusisima.

"Musiyeni, mumuthyola," ndinatero. "Musandiuze kuti nayenso mukumupachika pa mtengo."

"Ayi, mtengo suthandiza. Ine unangondipweteketsa mapewa, mpaka lero kukazizira amawawa. Ndimangoti mwina afikako."

Ndinamufotokozera zimene ndaona zaka zonsezi. Kamwana koyamba msanga kamangogona m'kalasi, sikamva kanthu, kamabwereza, ndipo ena amatopa nayo sukulu asanaiyambe n'komwe. Ndinamuuza kuti adikire zaka ziwiri, ine ndidzakhala ndili pompano, ndipo mwanayo ndidzamulemba woyamba. Ndikulankhula ndinkamva kuti mawu angawo ndinawamvapo kale pa tebulo lomwelo.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga ankachitira amayi ake. Kenako anati, "Ndawerenga, madamu. Akayamba chaka chino, ngakhale abwereze kamodzi, pomwe azidzakula adzakhala ali Sitandade 8. Akafika pamenepo, amjomba ake adzachita manyazi kumuchotsa, mudzi wonse ukuona. Akadikira ziwiri zanuzo, n'kubwerezanso monga amachitira ana onsewa, amuna adzamupeza ali pakati."

"Koma azingogona m'kalasimo."

"Agone momwemo. Kunyumbanso akugona."

Ndinayang'ana mzere kumbuyo kwake. Amayi onse anali tcheru, ndipo awiri mwa iwo anali ndi tiana tosaposa kameneka. Ndinali ndi chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, ndipo mkwiyowo unalibe woupatsa. Ndinamulemba. Mmawa womwewo ndinalembanso tiana tiwiri tija, poti amayi awo anaona zonse. A hedi akale aja sankanama.

Mwanayo anagonadi. Chaka chonse choyamba malo ake anali pakona, mutu uli pamwendo pa mnzake, kapu ya phala ili m'manja. Mphunzitsi wa kalasiyo, mtsikana wongochoka kumene ku koleji, ankabwera kudzandidandaulira, ine ndikungomuuza kuti apirire. Anabwereza, monga ndinanenera. Chaka chachiwiri anadzuka, ndipo kuyambira pamenepo sanabwerezenso. Mutu ndi wa amayi ake. Thupi lokha ndi lina, kaya ndi la abambo ake, kaya ndi phala la pasukulu, koma ndi mwana wa miyendo yaitali, wamphamvu, amene pa mzere amaima kumbuyo.

Chaka chino walowa Sitandade 5. Ali ndi zaka zomwe amayi ake anali nazo tsiku lija anaima pakhomo pa ofesi atagwira khutu. Tsiku lotsegulira, belu litalira, ndinapeza amayi akewo ataima panja pa windo la kalasiyo, beseni la nsomba lili pamutu. Ndinawauza kuti alowe akaone pamene mwana wakhala.

"Ayi, madamu, ine ndinalekezera uko," anatero akuloza chipinda cha Sitandade 4 ndi mlomo.

Tinaima limodzi pawindopo. M'katimo mphunzitsi anauza ana kuti aimirire apereke moni, ndipo mwana uja anaimirira, mutu wake ukuoneka pamwamba pa anzake a benchi lake.

"Zatsala zaka zitatu, eti?" anafunsa.

"Zinayi, kuphatikiza chino."

"Zinayi," anabwereza. Anamuyang'ana mwanayo kwa nthawi, kuyambira kumapazi mpaka kumapewa, ndipo pankhope pake panalibe chimwemwe chimene ndinkayembekezera. Panali mantha. Anakonza beseni pamutu kuti azipita.

"Akutalika msanga mwanayu, madamu," anatero. "Sindikudziwa kuti ndimuletse bwanji."